Chipinda cha Babu Lofiira

Amuna anga anasiya ntchito Lachisanu, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti anasiya mwaulemu. Akanamenyetsa chitseko kapena kutukwana munthu, bwenzi ndikudziwa kuti mkatimo mudakali moto. Koma iwo anatsuka mabotolo awo onse, anawayanika chozondotsa, anapinda chovala choyera cha mu labu ngati akuchibweza kwa mwiniwake, basi. Tikutuluka anandifunsa ngati kunyumba kuli sopo.

Tagwira ntchito limodzi kuyambira tisanakwatirane. Iwo ndi opanga, ine ndine woyeza. Amakhala pansi ndi pensulo n'kujambula molekyu, kanthu kakang'onong'ono kosaoneka ndi maso, kenaka amaiphika m'mabotolo mpaka itatuluka ngati ufa wachikasu. Ine ndimasungunula ufawo, kuuika m'makina, kuuwalitsa, n'kuyang'ana mzere umene makinawo ajambula pa kompyuta. Mzere ukasuntha ndiye kuti molekyu yamvera. Ukapanda kusuntha ndimapita kukawauza amuna anga kuti zakana, kenaka timapita kunyumba kukadya patebulo limodzi. Musandifunse kuti banja lotere limayenda bwanji. Limayenda chotsimphina.

Mamolekyu athu ali ndi khalidwe limodzi lokha lofunika. Amakhala owongoka, kuwala kukawagunda amapinda ngati chigongono, ndipo akasiyidwa mumdima pamalo pofunda amawongokanso okha pang'onopang'ono. Maloto a amuna anga anali akuti kanthu kotere kadzamangiriridwe ku mankhwala aukali aja amachiza kwina akuwononga kwina. Mankhwalawo aziyenda m'thupi ali mtulo, adzuke pokhapo pamene dokotala wawalitsa, akamaliza ntchito agonenso. Oyambirira, omva kuwala kwa buluu, anatheka bwinobwino tidakali achinyamata, ndipo ndi amene anatipezetsa chipinda chathuchathu. Vuto n'lakuti buluu salowa m'mnofu. Phimbani tochi ndi chikhatho muone, chimene chimatulukira kuseri ndi kufiira kokhakokha. Ndiye amuna anga anati tipange omva kuwala kofiira, ndipo apo m'pamene tinatitimira.

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi zimbudzi. Mazenera tinawapaka penti yakuda, pakhomo tinaikapo katani yokhuthala, chifukwa dzuwa ndi magetsi oyera amawotcha mamolekyuwa mpaka kusanduka zinyalala. Kudenga kunali babu limodzi lofiira. Amuna anga analimangirira okha chaka chimene tinalowa, atakwera pampando ine ndikuwagwirira miyendo. Lamulo linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa: botolo silitsegulidwa panja, limatsegulidwa mumdima. Tikati mumdima tinkanena chipinda chimenecho. Mmenemo ndinkayeza ufa pasikelo, kuusungunula, kuusefa, kuusiya patebulo kuti ukhazikike, kenaka kukulunga kabotoloko m'pepala lonyezimira n'kukaika mufiriji kudikira tsiku la makina. Anthu a m'khonde lathu anawapatsa amuna anga dzina loti Kadzidzi, poti akatuluka masana ankaphethira ngati awathira tsabola m'maso. Sankakwiya nalo dzinali, ndipo ndikuganiza kuti ankalikonda.

Molekyu yoyamba ya kufiira inakana. Yotsatira inakananso. Anachotsa apa, anawonjezera apo, anaitalikitsa, anaifupikitsa. Ine ndinkayatsa kuwala kofiira kwa m'makina, mzere n'kungokhala pomwepo ngati waukhomera ndi msomali. Zaka zinapita chonchi. Mwana wathu, amene anali kubere pamene tinkayamba, anafika pomatichingamira pakhomo ndi mawu akuti, "Lero zakananso?" asanapereke n'komwe moni. Amuna anga anasiya kundifunsa ndi pakamwa. Ndikamachokera kumakina ankangondiyang'ana mayendedwe, n'kubwerera ku pensulo yawo. Malaya anayamba kuwakulira m'khosi.

Abwana a dipatimenti ndi mayi wodekha amene sakweza mawu ngakhale akukuchotsa ntchito. Anatiitana tonse awiri muofesi mwawo, anatipatsa mipando yabwino, ndipo ine ndinadziwiratu kuti zinthu zavuta.

"Adokotala, ndisakubisireni," anatero. "Chipinda chija akuchifuna anzanu ofufuza za madzi. Mwezi uno ukatha popanda chooneka, ndiwapatsa makiyi."

"Palibe chooneka, mayi," anayankha amuna anga.

"Musafulumire. Mwezi sunathe."

"Kwa ine watha. Achimwene anga akufuna munthu wosakaniza penti kushopu kwawo. Penti ukati ikhale yachikasu imakhaladi yachikasu."

Abwana anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Ine sindinaseke, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawamva kale akuwayeseza kubafa.

Sabata yawo yomaliza tinataya zonse. Malamulo salola kusiyira ena mankhwala opanda mwini, ndiye tinakokera mgolo wa zotaya pakati pa chipinda. Ine ndinkatsegula timabotolo, iwo n'kumakhuthula. Kalikonse ankakadziwa ngati mwana wobala okha.

"Aka ndinakapanga inu muli m'chipatala ndi mwana, nthawi ya chifuwa chija," ankatero. "Aka ndi ka chaka chimene anamwalira bambo. Kumaliro ndinafika mwambo utayamba chifukwa cha kameneka."

"Bwanji tisungeko tiwiri titatu?" ndinafunsa.

"Tisungire ndani, mayi? Tsegulani kena."

Mgolowo unadzaza mpaka pakhosi ndi madzi a mtundu wa dzimbiri, ndipo anthu otentha zinyalala anadzautenga m'mawa mwake.

Ine ntchito yanga sinali pangozi, woyeza amafunika paliponse. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: amuna anga abwerere mwezi usanathe, makiyi asanapite kwa a zamadzi, chifukwa chipinda chikapita sichibwerera ndipo munthu wamsinkhu wawo sapatsidwanso china. Sindinkafuna kuti munthu wanzeru ngati ameneyu akalambe akukhulupirira kuti moyo wake wonse ankatunga madzi ndi dengu. Ndinkawanyengerera pa kadzutsa, ndinkawanyoza pa chakudya chamadzulo. Iwo ankangoti, "Ndamva, mayi," n'kuwonjezera mbale yachiwiri.

Inde, mbale yachiwiri. Munthu anayamba kunenepa ine ndikuona. Ankagona mpaka ndichite kuwagwedeza. Ankabwera penti ili m'zikhadabo, akusimba za kasitomala amene ankafuna khoma lobiriwira koma losabiriwira kwenikweni, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Anakonza chitseko cha kabati chimene chinakhala chikulendewera kuyambira mwana ali kumkaka. Zimenezi zinkandipsetsa mtima. Ndinkaona ngati akuchira matenda amene ine ndidakadwalabe.

Kukonza chipinda kuti anthu atsopano alowe kunagwera ine. M'mawa wina, kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, ndinakanikiza switchi, babu lija linangoti psi! n'kuzima. Ndinapita kwa wosunga katundu kukapempha lina.

"Lofiira?" anatero, osadzuka n'komwe pampando. "Amayi, chipinda chimene chikutsekedwa sitigulira babu. Tsegulani chitseko, kuwala kwa m'khonde n'kwaulere."

Sanalakwe. Munalibenso choti chiwonongeke. Ndinakoka katani, ndinatsekula chitseko n'kuchitchinjiriza ndi mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti makoma a chipinda chathu anali otuwa ndi akuda ndi fumbi. Ndinayamba kutulutsa katundu m'makabati. Kuseri kwa makatoni a magolovesi ndinapeza kabotolo kamodzi kokulungidwa bwino m'pepala lonyezimira, pamwamba pake pali zolemba za amuna anga. Inali molekyu yomaliza, yosungunula kale. Wina wa ife anaiwala kukaika mufiriji, ndipo kanakhala m'kabati yofundayo masabata angapo.

Woyeza sataya chinthu asanachiyeze, amenewa ndi matenda athu. Sindinkayembekeza kalikonse. Ndinangotseka chitseko, kubweza katani, chifukwa botolo silitsegulidwa panja. Munali mdima wa bii, woti sungaone chikhatho chako. Koma manja anga akhala m'chipinda chimenecho nthawi yaitali kuposa mwana wanga pa dziko lapansi. Ndinafufuza tebulo, ndinamasula pepala, ndinathira madziwo m'kagalasi koyezera chopapasa, n'kukalowetsa m'makina. Nditatseka chivindikiro m'pamene ndinayatsa kompyuta.

Mzere woyamba, uja timajambula tisanawalitse, unatuluka wachilendo. Linunda lake linali mbali ina imene sindinalionepo. Ndinati basi yawola, kutentha kwa m'kabati kwaiwononga. Ndinatsala pang'ono kuzimitsa makina, koma chala chinakanikiza chokha batani la kuwala kofiira, mwa chizolowezi.

Mzere unasuntha.

Unatsetsereka pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana, linunda lija likuphwa, lina likutukumuka pambali. Utaima, ndinauzindikira. Unali mzere womwe uja ndakhala ndikuuona zaka zonsezi, umene ndinkautcha wokana, umene ndikhoza kuujambula nditatsinzina. Sunali wokana ayi. Umenewo unali mzere wa molekyu yopinda kale.

Ndinakweza maso kudenga, kumene kunali babu lakufalo. Kwa mamolekyu athu akale, omva buluu, babu lofiira linalidi mdima, ndipo tinalizolowera mpaka tinasiya kuliona ngati kuwala. Tinapanga mamolekyu omva kufiira, n'kumawayeza pasikelo, kuwasungunula, kuwasefa ndi kuwasiya patebulo pansi pa kufiira. Ankapinda ali m'manja mwanga. Kenaka ndinkawaika mufiriji, kumene kuzizira sikuwalola kuwongoka. Akafika kumakina ndinkawalamula kuti apinde, iwo atapinda kale. Anthu awiri ophunzira mpaka mapepala kutha, alendo odzaona ntchito yathu, onse ankalowa mmenemo n'kumati koma ndiye mumasamala bwanji!

Sindinakhulupirire msanga. Ndinaviika kagalasiko m'madzi ofunda, ndinakavindikira ndi katoni, n'kupita kukakhala pabenchi panja nthawi ya nkhomaliro. Chakudya sindinachikhudze. Nditabwerera, mzere unali utabwerera kwawo. Ndinawalitsa, unasuntha. Ndinafunditsa, unabwerera. Ndinachita zimenezi mpaka dzuwa litapendeka, ndipo sunaphonye ngakhale kamodzi. Ndinkayesa kuti tsiku limeneli likadzafika ndidzakuwa mpaka a m'khonde atuluke. M'malo mwake ndinakhala pansi pasimenti, msana kufiriji. Ndinali wotopa ngati munthu amene wanyamula katundu ulendo wautali n'kuuzidwa kuti anali wa pakhomo loyandikana nalo.

Kwa abwana sindinapite. Ndinajambula mizereyo ndi foni, ndinakulunganso kabotolo kaja, kukaika pansi pa chikwama, n'kukakwera basi.

Shopu ya alamu anga ili mumsewu wa ogulitsa zomangira, pakati pa wowotcherera mageti ndi wogulitsa matayilosi. Fungo la thina wosungunulira penti limakuchingamira usanawoloke msewu. Alamuwo, mkulu wawo wa amuna anga, ndi munthu wamkulu thupi amene mawu ake amamveka mashopu atatu. Atangondiona anamenya kauntala ndi chikhatho.

"Mlamu! Mwabwera kudzaona ngati tikumudyetsa? Lowani mukaone nokha, mimba yayamba kutsogola! Inu zaka zonsezi mumangomupatsa mabotolo."

"Ndabwera kudzaona ngati simunamukwatitse kwa makasitomala anu," ndinayankha.

"Akazi amsewu uno onse akufuna penti masiku ano, ngakhale opanda nyumba. Samalani!"

Ndinadutsa pakati pa mashelefu a zitini mpaka kuseri. Amuna anga anali pabwalo la kumbuyo, padzuwa, atavala ovolosi ya achimwene awo imene inawakulira miyendo. Ankatakasa penti m'ndowa ndi thabwa, akuimba kanyimbo kopanda mutu. Pamphumi panali dontho loyera. Sanandione, ndipo ine ndinaima pakhomopo nthawi yaitali. Pambali panga panali bini yodzaza ndi zitini zakutha. Kabotolo kakang'ono ngati chala kakanalowa mmenemo osamveka n'komwe, ndipo palibe akanadziwa kupatula ine. Ndinaganizadi zimenezo, ndipo dzanja linali kale m'chikwama. Koma ntchito yanga moyo wonse yakhala kunena chimene mzere wachita, chokoma kapena chowawa, ndipo njira ina sindiidziwa.

"Bambo," ndinaitana.

Anatembenuka akumwetulira, kenaka anaona nkhope yanga. "Kunyumba n'kwabwino? Mwana?"

"N'kwabwino. Babu lapsa."

"Babu lanji?"

"La mumdima."

"Ndiye mwakwerera basi kudzandiuza za babu? Achimwene ali nawo katoni yathunthu, tengani awiri."

"Lofiira lija, bambo. Lapsa, ndiye ndinayeza popanda nyali. Yomaliza ija, inatsalira m'kabati." Ndinawapatsa foni. "Yapinda. Yawongokanso. Tsiku lonse lero."

Anapukuta manja pa ovolosi asanailandire. Anayang'ana chithunzi choyamba, chachiwiri, anabwerera ku choyamba. Munthu ngati ameneyu safuna kumufotokozera. Ndinaona nkhope yawo ikuwerenga, ndipo ndinaona pamene inafika pa yankho. Thabwa lija linatsetsereka lokha n'kumira m'ndowa.

"Tinkaipinda tokha," anatero motsitsa.

"Ee."

"Isanafike kumakina."

"Ee."

"Ndipo firiji inkaigwira."

"Ee, bambo."

Anakhala pachitini chachikulu. Kutsogolo alamu ankakangana ndi munthu za mtundu wa denga, wowotcherera uja akulirizanso chitsulo chake.

"Zina zija?" anafunsa.

"Zinapita ndi mgolo."

"Zonse?"

"Munkakhuthula nokha, ine ndikutsegula."

"Ndiye kuti mwina zinali zabwino zonse." Anayang'ananso foni ija. "Mwina ndi yoyamba yomwe. Mayi, mwina yoyamba ija inali yabwino."

Zimenezo ndinali nditaziganiza kale ulendo wonse wa m'basi. Ngati yoyamba inali yabwino, ndiye kuti zaka zonse zapakatipo tinkakonza chinthu chosawonongeka. Ndipo kuti tidziwe, panafunika kuziphikanso zonse, imodzi imodzi, kuyambira pachiyambi, iliyonse ndi miyezi yake.

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri, penti n'kupakika m'tsitsi. Sanalire, sanaseke. Atakweza nkhope, anali atakalamba.

"Mukanadikira mwezi uthe," anatero. "Mukanandiuza a zamadzi atalowa kale. Bwenzi ndikungodandaula, koma ndikugona."

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa anali oona. Ndinatulutsa kabotolo kaja n'kukagwira pamwamba pa bini.

"Nenani ndikataye. Abwana sakudziwa. Zithunzi ndifufuta pompano. Ndikunena zoona, bambo, nenani."

Anakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna anene kuti tayani. Ine yemwe ndinawavutitsa masabata onsewa kuti abwerere, pa nthawi imeneyo ndinkapemphera kuti akane kubwerera.

"Musakagwire choncho padzuwa," anatero. "Pepala lang'ambika m'mbalimo."

Anakalanda msanga, anakaphimba ndi chikhatho, n'kukalowetsa m'thumba la mkati. Kenaka anaimirira pang'onopang'ono, akugwira bondo, n'kuyamba kumasula mabatani a ovolosi. Tinalowa m'shopu iwo patsogolo.

"Achimwene, iyi ndiipachike pati?"

"Waweruka kale? Ine bwana wako ndine wabwino, koma osati choncho!" Alamu anaseka okha. Kenaka anayang'ana mng'ono wawo, anandiyang'ana ine, kuseka n'kuthera panjira. "Wabwerera?"

"Zatheka, achimwene. Zinali zotheka kuyambira kale."

"Ndiye bwanji ukuoneka ngati wamva uthenga wa maliro?"

Amuna anga anapachika ovolosi pamsomali n'kutuluka. Ndikuwatsatira, alamu anandigwira pamkono, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analankhula monong'ona.

"Mlamu, munthuyu amangoyamba kumene kudya."

Pamalo odikirira basi panali anthu ambiri oweruka kuntchito. Amuna anga anaima dzanja lili pachifuwa, pamene panali kabotolo, kuti asakakankhe. Anandifunsa ngati abwana amakhala adakalipo nthawi imeneyi, ndinati amachedwa kutuluka. Anandifunsa ngati kosunga katundu kudakali mankhwala oyambira kuphika molekyu yoyamba ija, ndinati ndikafunsa. Basi yopita kwathu inabwera, iwo sanasunthe. Ankadikira ina.

"Inu kwerani," anatero. "Mwana ndinamulonjeza kuti Loweruka tikapenta chipinda chake, anasankha kale mtundu. Mumuuze kuti tsiku lina."

Ndinakwera. Ndinapeza mpando wa pazenera, chikwama chopepuka pamiyendo. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, amuna anga anabwerera mwezi usanathe. Njira yonse ndinkasakasaka mawu okamuuza mwanayo, ndipo ndinafika pakhomo ndisanawapeze.